Madzi Saiwala Khwawa, Ngakhale Muwaonetse Pulani

Akuluakulu akamati madzi saiwala khwawa ankanena za munthu: chidakwa chimene chalumbira pa Nyuwere kuti chasiya, koma pofika Isitala miyendo yachipititsa yokha kwa mayi wa kachasu. Za madzi enieniwo sankataya nazo nthawi, poti mwana aliyense ankaziona yekha. Lero zatembenuka. Za chidakwa tonse tikuzidziwa. Ofunika kuuzidwa za madzi enieni ndife omanga nyumba.

Taganizirani mkamwini wa kwa Jenala, kuno ku Phalombe, amene wabwera kuchokera ku Joni ndi ndalama ya malata, sola, batire ndi pulani ya nyumba yosadya magetsi imene anaiona pa Facebook. Kuno mwamuna amamanga kwa mkazi, ndiye malo sasankha, amachita kulozeredwa. Mbali yaikulu ya dera lathu ndi chigwa chotsikira ku Nyanja ya Chilwa, koma malume a mkazi sasowa kamtunda kopatsa mlendo. "Apa ndiye pabwino, apongozi, Michesi yonse muziiona muli pakhonde." Pabwinodi. Pokhapo n'kuti amene amaimapo chilili ndi mbuzi zokha, ndipo pakati penipeni padutsa kangalande kouma.

Mmisiri amayang'ana kangalandeko, n'kuyang'ana thumba la mkamwini. "Aka tingokwirira, bwana."

Amakwirira mu Ogasiti, ndipo mpaka Novembala aliyense amaoneka wanzeru. Vuto n'lakuti madzi sanaitanidwe pamsonkhanowo. Mvula ya Januwale ikagwa amatsika monga mwa masiku onse, n'kupeza pamene ankadutsa pali sofa. Sakwiya. Amangolowa pakhomo lakuseri, kuzungulira tebulo la TV, n'kutulukira kutsogolo, atatenga nsapato ziwiri zosiyana.

Kwathu kuno nkhani imeneyi imasekedwa mpaka pena pake basi. Mu Malichi 1991 Napolo anatsika m'phiri la Michesi ndi matope ndi miyala, n'kupha anthu mazanamazana ku Phalombe. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anadzatikumbutsanso. Ngakhale mainjiniya a dziko sanapulumuke: mu Januwale 2022 madzi a namondwe Ana anagumula mbali ya damu la Kapichira pa Shire, mamegawati pafupifupi 130 n'kuzima, dziko lonse n'kubwerera ku makandulo. Ngati madzi sanaope damu, wilibala zingapo za dothi la mkamwini angaziope bwanji?

Chofunika n'kuwalemekeza basi. Kumtunda kwa nyumba pakumbidwe ngalande yowalandira ndi kuwaperekeza m'mbali mpaka kukhwawa kwawo, m'mphepete mwake mudzalidwe vetiva wogwira dothi. Nyumba italike motsata akalozera, osati kuloza kumtunda, kuti pokumba pachepe. Maziko atsike mwa masitepe ndipo paliponse akafike pa nthaka yakale, chifukwa dothi lothira limatitimira, khoma n'kung'ambika. Khoma lotchinga dothi kuseri kwa nyumba lisiyidwe timabowo totulutsira madzi. Apa ndiye pamabuka mlandu. Mkamwini akaona timabowoto amati mmisiri wazembetsa simenti, n'kutitseka yekha Lamlungu atabwera ku tchalitchi. Madzi amadzadza kuseriko, amakankha mwakachetechete, kenako tsiku lina usiku khoma lonse limabwera kudzagona m'chipinda cha alendo.

Dzuwa nalonso lili ndi khwawa lake, ndipo silinaphonyepo. Pulani ya pa Facebook ili ndi galasi lalikulu kutsogolo, ndipo mkamwini amaliloza kumadzulo, osati chifukwa cha sayansi, koma chifukwa ndi kumene kuli msewu, anthu aone kuti ku Joni sanapite kukasewera. Dzuwa la Okutobala likapendeka limalowa lonse pagalasipo, malata opanda siling'i n'kuwonjezera moto pamwamba, nyumba n'kusanduka uvuni wa zigumu. Amagula fani. Fani imamwa batire. Mpira usanafike hafu taimu TV yazima, mwini nyumba yosadya magetsi ali pansi pa mtengo wa mango, akumvera zigoli pa wailesi ya mnzake.

Chonsecho njira ya dzuwa ndi yosabisika. Tili kummwera kwa ikweta, ndiye mu Juni ndi Julayi dzuwa limadutsa chakumpoto. Sola iyang'ane kumpoto, yopendekeka pang'ono, madigiri ngati 15, kuti mvula izitsukanso fumbi. Mazenera akuluakulu akhale kumpoto ndi kummwera, kumene denga lotuluka bwino limawaphimba masana. Makoma a kummawa ndi kumadzulo akhale aafupi, a mazenera ochepa, ndipo ngati pali mtengo kumadzulo musaudule. Mphepo ilowe zenera lina, itulukire lina, mpweya wotentha upeze timazenera tapamwamba. Chiperoni, mphepo yozizira yamawawa ija yochokera chakummwera chakummawa, isapatsidwe khomo lalikulu. Makoma okhuthala amachedwa kutentha. Agogo ankadziwa zonsezi ndi nyumba yawo ya udzu ya khonde lozungulira, ndipo sanalipire aliyense. Za njerwa zootcha, boma linaziletsa mu 2018 pa zomanga zake ndi zamalonda chifukwa zimatha mitengo. Kumudzi tikuotchabe, kenako timadabwa kuti mapiri ayera ndipo madzi akutsika mothamanga.

Kutsetsereka kuli ndi mphatso imodzi imene a pathyathyathya amaisirira. Khitchini ikamangidwa kumtunda, denga lake n'kumadzaza thanki, madzi amatsika okha kupita ku bafa ndi kudimba popanda pampu. Chimbudzi chipite kumunsi, kutali ndi chitsime. Kungoti kumunsi kwanu ndi kumtunda kwa wina, ndipo winayo ndi mkulu wake wa akazi anu.

Tinene kuti mkamwini wamvera zonse. Ngalande ilipo, sola yaloza kumpoto, m'nyumba muli zii. Patsala madzi a miyendo iwiri aja amene akuluakulu ankanena. Khitchini yamatailosi apongozi aakazi amaiyamikira kwambiri, n'kuikamo matumba a nandolo, n'kukasonkha moto panja pa mafuwa atatu. Mukawagulira chitetezo mbaula, yadongo yosatha nkhuni ija, amavomera kuphikirapo ndiwo; nsima ayi, akuti siimveka.

Ndiye pali njira. Pamalopo pankadutsa anthu opita ku mjigo kuyambira mkamwini asanabadwe, ndipo sanasiye. Tsopano njirayo ikudutsa pakhonde, ndipo aliyense wonyamula ndowa wanyamulanso foni. Batire anaiwerengera mababu anayi ndi TV. Mkamwini sakaniza abale a mkazi.

"Odi, alamu! Ingokhalako pang'ono pamoto, ndiitenga pobwera. Iyi ndi ya amayi, iyi ya abusa."