Maso a Nkhono ndi Kamera ya Atolankhani Akale

Makolo adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Adaiyang'anitsitsa nkhonoyo asanalankhule, pakuti maso ake ali kunsonga kwa tinyanga, ndipo ukangoikhudza imabweza zonse m'chigoba n'kukusiya pakhomo. Tsoka la mwambiwu ndi lakuti munthu wa lero akafuna kuona maso a nkhono amangotulutsa foni n'kufunsa Google, ndipo ikachedwa masekondi atatu amayamba kutukwana netiweki. Komabe alipo malo amodzi pamene mwambiwu sudapume pantchito: patebulo la munthu amene wagula kamera yakale ya Speed Graphic n'kuganiza zokonza rangefinder yake.

Speed Graphic inali kamera ya atolankhani a ku America. Inkapangidwa mumzinda wa Rochester, m'chigawo cha New York, kuyambira 1912 mpaka 1973, ndi kampani imene idatchuka ndi dzina loti Graflex. Ndi chibokosi cholemera makilogalamu oposa awiri, ndipo ukachitsegula mumatuluka mvukuto wakuda, lenzi ili kutsogolo kwake. Filimu yake yofala kwambiri ndi pepala la mainchesi 4 kwa 5, ndipo chosungira chimodzi chimatenga mapepala awiri basi. Ndi chibokosi chotere chimene Joe Rosenthal adajambulira asilikali akuimika mbendera pachilumba cha Iwo Jima pa 23 February 1945. Akadaphonya, sakadawauza kuti, “Akuluakulu, taitsitsani tiyambirenso.”

Njira yotsimikizika yoonera ngati chithunzi chituluke bwino ndiyo kuyang'ana pagalasi lokhakhala la kumbuyo. Umafunda nsalu yakuda kumutu, umaona dziko lonse litazondoka, n'kumakankha lenzi pang'onopang'ono mpaka chimbuuzi chitachoka. Koma mtolankhani sangafunde nsalu nyumba ikupsa. N'chifukwa chake ankamangirira kabokosi kena kopimira mtunda, rangefinder ija, m'mbali mwa kamera, ndipo kofala kwambiri kanali ka kampani ya Kalart. Kali ndi timawindo tiwiri, kena pamwamba kena pansi. Ukasuzumiramo umaona chinthu chimodzi chili pawiri. Ukamayendetsa lenzi patinjanji take, kamkono kachitsulo kamasuntha tigalasi ta m'kati, ndipo zithunzi ziwirizo zikakumana n'kukhala chimodzi, ndiye kuti mtunda wapezeka, dina.

Mmenemo ndi mmene zinalili kamera ili yatsopano. Patatha zaka 70 ikugundidwa, ikugwa, ikugona m'zipinda zachinyezi, kabokosi kaja kamaphunzira bodza, ndipo kamanama mosaphethira. Zithunzi ziwiri zimagwirizana bwinobwino, iwe n'kudina mokondwa, koma filimu ikatsukidwa upeza nkhope ya agogo ili chimbuuzi pamene mtengo wa mango kumbuyo kwawo ukuwerengeka masamba. Nthawi zina wolakwa ndi mwini wake wakale, amene adachotsa lenzi ya Kodak Ektar ya mamilimita 127 n'kuikapo Optar ya 135 osauza kabokosiko. Kalart imamvana ndi lenzi imodzi pa nthawi imodzi; ukasintha lenzi, uyambirenso.

Ntchito yokonza imayamba mwaulemu. Umaimika kamera pamiyendo yake itatu, umatsegula lenzi yonse, umalozetsa ku chinthu chakutali zedi, monga nsanja ya mafoni ili kutsidya la dambo. Galasi la kumbuyo ndilo woweruza: likati nsanja yaoneka bwino, umasuzumira mu Kalart n'kupotokola mpaka nayo itavomereza. Kenako umavundukula chivindikiro chake, umaika chinthu pamtunda wa mamita asanu kapena kuposerapo pang'ono, umamasula kasikuluu n'kusuntha kachitsulo ka manambala kakumbuyo. Ukatero umabwera pafupi, mita imodzi ndi theka, n'kusuntha kakutsogolo. Apa mtima umayamba kuimba nyimbo yachipambano. Ndiye umabwerera kunsanja kuja, n'kupeza nsanja zili ziwiri.

Chilichonse chimene wakhudza chasokoneza chinzake. Wakonza pafupi, kutali kwathawa. Wagwira kutali, pakati padandaula. Umazungulira motero, kutali, pakati, pafupi, ulendo uliwonse cholakwa chikucheperachepera, malinga ngati ukusuntha pang'ono kwambiri moti woonerera angalumbire kuti sunasunthe kanthu. Wopupuluma amakankha kwambiri n'kupitirira, amabweza kwambiri n'kupitiriranso, ndipo pofika madzulo kasikuluu kamodzi kagwa n'kulowa pansi pa kabati. Kukhitchini kumamveka mawu akuti, “Bambo, nsima ija yazizira,” bambowo ali chogwada, tochi ya foni ili m'kamwa.

Opanga makamera adayesa kutichitira chifundo. Mu 1955 Graflex idayamba kuika rangefinder pamwamba pa kamera, yoyendera kachitsulo kosongoka kotchedwa cam, lenzi iliyonse ndi kake. Ajeremani a kampani ya Linhof ku Munich adafika polemba nambala ya lenzi pakachitsuloko, kuti kasakagwire ntchito ndi ina. Nzeru yabwino, koma kachitsulo kakang'ono kamasowa, ndipo amene sadafune kudekha ndi sikuludilaiva lero amadekha pa intaneti, akusakasaka cam imene idatayika agogo ake ali mnyamata.

Chodabwitsa n'chakuti eni makamera amenewa anali anthu aliwiro kuposa onse mumzinda. Arthur Fellig, wodziwika kuti Weegee, ankafika pamalo a ngozi ndi umbanda ku New York nthawi zina apolisi asanafike. Koma liwiro lakelo ankaligula ndi kudikira usiku wonse pafupi ndi wailesi ya apolisi imene adaloledwa kukhala nayo m'galimoto mu 1938. Mtolankhani aliyense amene ankadina kamodzi n'kupeza chithunzi cha tsamba loyamba ankadalira masana ena amene munthu adakhala pansi ndi tisikuluu. Kudekha kunkachitika kale, kuseri, kuti tsiku la moto pasakhale kuchedwa.

Ife tidatembenuza ndondomeko. Paukwati timajambula zithunzi mazanamazana, mkwatibwi osamuona ndi maso athu, kenako foni ikadzaza timakhala usiku wonse tikufufuta. Kudekha kumatipezabe, kungoti kumabwera mochedwa ndiponso ndi mkwiyo. Ndipo matenda a Kalart yakale tidatengera onse. Uthenga ukafika pa WhatsApp kuchokera kwa alamu, n'kufikanso womwewo kuchokera kugulu la kumpingo, timati awiri agwirizana, ndiye n'zoona, tumizani. Sitifunsa ngati awiriwo adasokonekera limodzi. Wokonza kamera amadziwa kuti kugwirizana kwa timawindo tiwiri si umboni mpaka galasi la kumbuyo litavomereza.

Choncho inu amene mwapeza chibokosi chotere, idyani kaye, yalani nsalu yoyera patebulo kuti tisikuluu tisathawe, lembani manambala mmene munawapezera musanasunthe kanthu, ndipo muyambire kutali. Inu amene mulibe kamera, foni muli nayo. Uthenga wotsatira ukafika, funsani kaye kumene wachokera musanautumize kwa apongozi anu.