Lata la aphunzitsi

Aphunzitsi ena a kuno ku Vubwi anapita ku Lusaka, nakalowa mu Henry Tayali Gallery ku Showgrounds, nyumba yotchedwa dzina la katswiri wojambula uja anamwalira mu 1987. Potulukamo anali atagwidwa matenda okonda zithunzi zopanda mutu. Ndalama zonse za soya zinathera m'sitolo ina m'tauni, pa chithunzi chodindidwa pa chitsulo chopyapyala cha aluminiyamu, chokwechedwa mpaka kunyezimira. Munthu mulibe, ng'ombe mulibe, ngakhale mtengo. Mizere yokhayokha, yofiira ndi yabuluu, piringupiringu.

Mavuto anayambira pa Chipata. Kondakitala anati, "Malata timalipiritsa padera, bwana."

"Si lata ili, ndi luso."

"Luso likakhala lamalata, mtengo ndi womwewo."

Kumudzi bambo awo analandira katunduyo ndi manja awiri, nkumugogoda ndi chala. "Wachita bwino mwana wanga, udzu watitopetsa. Nanga enawo afika liti?"

Anyakwawa ndiwo anachiyang'ana nthawi yaitali, magalasi ali pamphuno. Paja chichokereni Vubwi ku Chadiza nkukhala boma palokha mu 2012, akuluakulu athu akaona mizere amaganiza za malire basi. "Ndamva," anatero. "Uku ndi Malawi, uku Mozambique, apa pakati ndi ife. Koma amene anajambulayu akandiyankhe kwa Mfumu Pembamoyo. Dimba langa walipereka ku Mchinji."

Chinakhomedwa pabalaza. Patapita sabata kamwana ka giredi 2 kanaona kuti dzina la wojambula lili kumwamba, miyendo m'mwamba. Aphunzitsi sanagwedezeke. Anafotokoza kuti mu 1961 ku New York chithunzi cha Henri Matisse chinakhala chozondoka masiku 47 mu Museum of Modern Art, anthu zikwizikwi nkumadutsa osazindikira. Zimenezo nzoona ndithu, koma akazi awo anangofunsa kuti, "Nanga ngati chozondoka ndi choongoka nchimodzimodzi, abambo, munalipira chiti?"

Loweruka lina pochokera ku mpira anapeza khoma lili mbee. Kutuluka panja, chithunzi chili padzuwa, ufa uli pamwamba, apongozi atakhala pambali ndi kamtengo koingitsira nkhuku. Mkamwini sakalipira apongozi. Aphunzitsi anangonjuta chapatali, misozi ili m'maso. Apongozi anati, "Zikomo atate, ufa ukuuma msanga apa kuposa pamphasa. Mukapitanso mukagule chachikulupo."

Ine ndinali mbali ya apongozi, ngakhale sindinanene.

Mwezi utafika pakati, mchere utatha m'nyumba, aphunzitsi anachinyamula mobisa kupita nacho kumsika. Yekhayo amene anaonetsa chidwi anali wokhoma zidebe. Anachitembenuza, nachipinda pang'ono pangodya, nati, "Chitsulocho nchabwino, sichichita dzimbiri. Mutuluka mapoto awiri ndi chivundikiro. Koma ndichotsapo K20 chifukwa ana anu achilembalemba."