Mzime wa ku Japan

Ku Chipata Komboni kuno ku Lusaka, banja likamakula limalandira ana a mitundu iwiri. Ena amabadwira pa chipatala cha Level One, n'kufika kunyumba atakulungidwa m'chitenje. Wina amabadwira ku Japan, amadutsa panyanja mpaka ku Dar es Salaam, amalowera pa Nakonde, n'kufika pa mdadada akuliza hutala. Dzina lake ndi Vitz, Spacio kapena Allion. Ngakhale amabwera ali ndi zaka khumi ndi zingapo, iyeyo ndiye amakhala mzime, ndipo m'komboni muno aliyense amadziwa kuti mzime salakwa.

Taonani chisamaliro chake pakhomo pa a neba anga. Amasamba m'mawa uliwonse, ngakhale madzi ake ndi ogula pa kiyosiki. Ana enawo amasamba otsala. Ali ndi alamu, ali ndi chitsulo chokhomera chiwongolero, ali ndi nsalu yofunda. Popeza pa mdadada palibe mpanda, usiku amakagona kumalo olipira kumene kuli mlonda. Abusa anabwera kudzamupempherera, ndipo pa galasi lakumbuyo panamatidwa vesi. Mwana akangoyandikira ndi mpira wake wa mapulasitiki, mawu amatulukira pawindo: "Iwe! Choka apo, uzaphwanya galasi! Udziwa mtengo wake?" Mtengo wa galasilo atate amaudziwa mpaka ngwee yomaliza. Koma afunseni kuti mwanayo ali giredi yanji, ayamba aitana amake.

Lamulungu ndilo tsiku la chionetsero. Akatswiri a ku Toyota anapanga galimotoyi akuganiza za anthu asanu, n'kuikamo malamba asanu. Akatswiri amenewo sanagonepo ku Chipata Komboni. Kutsogolo kumakhala amake ana, khanda lili pamiyendo. Kumbuyo kuli apongozi, kuli mlamu amene anabwera chaka chatha kudzacheza sabata imodzi, kuli amayi a khomo lachitatu amene kuwasiya n'kuyamba mlandu, kuli ndi a kwaya awiri. Ana sawerengedwa. Mwana alibe mpando, ali ndi mpata. Wina amalowetsedwa pakati pa mawondo a apongozi, awiri amapita kubuti limodzi ndi mapoto a mpunga wa ku tchalitchi. Malo aulemu kuposa onse ndi pakati pa mipando iwiri yakutsogolo. Apo pamaimirira mnyamata, dzanja lina pa phewa la atate, lina pa phewa la amayi, mphumi italunjika galasi popanda chotchinga chilichonse. Atate amamutcha wothandizira dalaivala.

Kamwana ka zaka zitatu kakayamba kulira, mankhwala ake ndi amodzi: kukakhazika pamiyendo pa atate, timanja tili pa chiwongolero. Amake amasolola foni, kujambula, kuponya pa WhatsApp. Pansi amalembapo kuti, "Dalaivala wathu." Achibale a ku Matero, ku Chawama ndi ku Kalingalinga amatumiza timitima tofiira. Palibe ndi mmodzi yemwe amene amakumbutsa kuti m'kati mwa chiwongolerocho muli thumba la mpweya limene limaphulika galimoto ikagunda, ndi kuti thumbalo anapangira chifuwa cha munthu wamkulu womanga lamba, osati nkhope ya mwana amene mphuno yake ikukhudza hutala.

Mukawafunsa amake za khanda lili pamiyendo, amakuyang'anani kuyambira kumapazi. "Nanga manja anga ndi achani? Ndamugwira bwino uyu." Chikondi chilipo, palibe akukana. Vuto ndi lakuti galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola ikagunda chinthu n'kuima mwadzidzidzi, zonse za m'katimo zimapitiriza ulendo, ndipo mwana wa makilogalamu 10 amakoka manja ndi mphamvu yowirikiza kulemera kwake ka 20 kapena kuposa. Amenewo ndi makilogalamu 200. Amayi omwewa ku Soweto Market amaitana wa wilibala kuti awanyamulire thumba limodzi la ufa la makilogalamu 25.

Nanga lamba? Lamba tili naye, ndipo timamulemekeza kwambiri moti sitimuvutitsa wamba. Lamba wa masiku anoyu anamupanga ndi Nils Bohlin wa kampani ya Volvo m'chaka cha 1959, ndipo kampaniyo inalola ena onse kutengera luso limeneli osalipira kanthu. Mkuluyo ankaganiza kuti wapanga chida choteteza munthu ku imfa. Zinatengera ife a ku Lusaka kuzindikira kuti ndi chida choteteza munthu kwa apolisi.

Mwambo wake umayenda motere. Galimoto yochokera kutsogolo ikuphethira nyali kawiri. Atate, osayankhula kanthu, akukoka lamba ndi dzanja limodzi n'kumupana pansi pa ntchafu, poti kumulowetsa pachotsekera n'kutaya nthawi. Kenaka lamulo: "Bana, gonani pansi!" Mitu yonse ing'onoing'ono yazimiririka. Galimoto imene inanyamuka ndi anthu 12 ikudutsa pa rodibuloko ili ndi anthu asanu ndi awiri, onse ankhope zachikhristu, apongozi akung'ung'udza nyimbo. Pakangopita mamita 100, lamba wabwerera kwawo, mitu yatumphuka, ndipo ana akuseka chifukwa apambananso. A ku Japan anayesa kutichenjerera poika kabelu kamene kamalira dalaivala akapanda kumanga. Ife tinamanga lambayo kumbuyo kwa msana n'kumukhalira. Kabelu kanakhala chete, aliyense ali pamtendere.

A RTSA, amene tonse timangoti a Ratsa, anakhazikitsidwa ndi lamulo la pamsewu la 2002, ndipo akhala akulalikira pa wailesi mpaka mawu kusasa. Mu 2018 m'misewu ya Lusaka munaikidwa makamera ojambula othamangitsa. Tinaphunzirapo zambiri. Makamaka tinaphunzira pamene pali kamera iliyonse. Mwana wa giredi 2 amatha kuchenjeza kuti, "Dadi, kamera!" koma sanamvepo kuti kamerayo anaiikiranji.

Pajatu sukulu yeniyeni ya udalaivala si ija ya chikwangwani cha L. Ndi mpando wakumbuyo wa galimoto ya atate, ndipo maphunziro ake amayamba mwana asanamere mano. Phunziro loyamba: hutala ndi buleki, ndi moni, ndi chitonzo, ndi pemphero. Lachiwiri: indiketa ndi chinsinsi cha banja, mdani asadziwe kumene ukulowera. Lachitatu: loboti ikayaka yachikasu ndiye kuti fulumira, ikayaka yofiira ndiye kuti yang'ana kaye ngati pali wapolisi. Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi n'kumazima maola ambirimbiri, maloboti ambiri anagona, ndipo ana anaphunzira lamulo lachinayi: pamphambano amadutsa ndi amene galimoto yake ili kale ndi zipsera. Palinso phunziro la foni, pamene atate ali pa Kabwe Roundabout, dzanja limodzi kukhutu, akulumbira kuti, "Nafika, nili pa geti." Ndiye pali la Loweruka madzulo, pobwerera kwa amalume ku Kanyama, fungo la Mosi litadzaza m'galimoto, amake akudandaula, atate n'kuwatonthoza kuti, "Osadandaula amake mwana, motoka idziwa njira ya kunyumba."

Make mbuu, mwana mbuu. Tsiku lina mphunzitsi wa Sande Sukulu anapunthwa n'kugunda kamtsikana ka a neba ndi chigongono. Kamwana ka zaka zinayi, kovala diresi yoyera ndi timasokosi ta zingwe, kanatembenuka n'kufunsa mokweza kuti, "Imwe, laisensi munachita kugula?" Atate anakakalipira kwambiri. Anafuna kudziwa kumene kanamva mawu otere.

Lolemba zinthu zimasintha. Mzime amanyamula atate okha kupita kutauni, chifukwa mafuta akwera mtengo. Ana amayenda pansi. Chiyambire Januwale 2022, pamene boma linachotsa malipiro m'masukulu ake, m'mawa uliwonse m'mbali mwa Kasangula Road ndi Great North Road mumadzaza mayunifomu. Mtsogoleri wa gulu la pa mdadada wathu ndi mtsikana wa a neba wa zaka 9. Dzanja lamanja wagwira mng'ono wake, lamanzere mwana wa a landilodi, kumsana kuli chikwama cholemera kuposa iye mwini. Maphunziro onse a pamsewu amene anapatsidwa ndi mawu awiri amene amake amafuula ali pakhomo akukolezera mbaula: "Muziona motoka!"

Amazionadi. Amaona mathiraki aatali opita ku Copperbelt ndi ku Nakonde. Amaona maminibasi amene siteshoni yake ili paliponse pamene munthu wakanda m'mutu. Amaona mizere yoyera yowolokerapo anthu, imene madalaivala amaiona ngati zokongoletsa msewu. Mwana akaima pamenepo kudikira, amatha kukula. Akalimba mtima n'kuponda, galimoto imene yaima imalizidwa hutala ndi zisanu zakumbuyo, ndipo yachisanu ndi chimodzi imadutsa chakumbali. Lamulo likuti pafupi ndi sukulu liwiro lisapose makilomita 30 pa ola, ndipo chifukwa chake n'chosavuta. Pa 30, galimoto imayenda mamita 8 pa sekondi imodzi. Pa 60 imayenda pafupifupi mamita 17. Sekondi imene atate aweramira foni kuti aone amene waika kamtima pa chithunzi cha dalaivala wathu, galimoto yadutsa kale mdadada wathunthu popanda woyendetsa.

Musaganize kuti a neba sakonda ana pamsewu. Amawakonda koopsa, bola akhale a mumsewu wathu. Takisi ikadutsa mothamanga pakhomo, amatuluka atavala vesiti: "Iwe! Pali bana pano!" Ndi iwo amene anasonkhanitsa amuna a m'dera lathu kumanga hampu ya dothi ndi miyala, yaitali moti Vitz yawo yomwe imakhula mimba podutsa. Koma akangolowa ku Mandevu kapena ku Garden, phazi limalemera. Ana a kumeneko ndi osamva, amasewerera pamsewu, makolo awo sawalangiza. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma kuno mwambiwo umathera pa hampu.

Amene alibe galimoto asadzitame. M'minibasi mwana wa pamiyendo salipira, choncho ana a ku Lusaka amachedwa kukula. Mnyamata wa ndevu zoyamba kumera amakhala wa zaka zinayi kuchokera ku Chipata mpaka pa Kulima Tower. "Mami, uyu ni mukulu, alipile," akutero kondakitala, theka la thupi lake lili panja pa chitseko. "Mukulu kuti? Ni thupi chabe," akuyankha amake, miyendo itachita dzanzi. Mkangano wonsewo ndi wa ndalama. Zoti chitseko n'chomangidwa ndi chingwe palibe akuzitchula.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati ngozi zapamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni chaka chilichonse, ndipo kwa ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 palibe matenda amene amapha kuposa msewu. Kuno ku Zambia apolisi amawerenga anthu pafupifupi 2,000 pachaka, ambiri mwa iwo oyenda pansi. Zikachitika, timasonkhana pa tenti n'kufufuza chifukwa mozama. Ena amati ndi Satana. Ena amati pamalo paja pamafuna magazi. Ena amakumbukira azakhali a kumudzi amene sanasangalale galimoto itagulidwa. Lamba yekha ndiye satchulidwa, chifukwa pamaliro sitinena zamwano.

Komatu a neba malamulo amawadziwa onse, ndipo umboni ulipo. Galimoto yawo inabwera ndi kampando ka mwana kokhala ndi malamba ake. Kampandoko kali pabalaza, ndipo kamwana kamakhalapo poonera makatuni, kotetezeka kwambiri ku ngozi zonse za pabalaza. Umboni waukulu unaoneka tsiku limene anakagula TV yaikulu ku Kamwala. Anaikhazika pampando wakumbuyo yokha. Anaiyalira bulangeti pansi, mapilo m'mbali, n'kuimanga malamba awiri, kuwakoka kuti aone ngati agwira. Ana anatumizidwa kubuti. Ulendo wonse anayenda pa 30, nyali zochenjeza zikuphethira. Foni inalira katatu, sanaiyankhe. Pa hampu iliyonse ankaima n'kukwera chammbali. Pa mizere yoyera anaimira gogo wina mpaka anawoloka, gogoyo n'kudabwa, kubwerera kudzafunsa ngati akudziwana. Minibasi itawapanikiza, anangoti, "Pita mwana, kuthamanga si kufika."

Atafika pakhomo amake anaseka. "Atate ake, lero mwayendetsa ngati munthu. Bwanji masiku onse?"

"Amake mwana, muziganiza. Iyi ikagwa yasweka. Ilibe chipatala."

Lamulungu lotsatira, anthu onse atatenga mipata yawo, panasowa mtsikana wa zaka 9 uja. Atate analiza hutala kawiri. Pakhomo panatuluka chikatoni cha TV chikuyenda chokha, pansi pake pakuoneka timiyendo tiwiri ndi nsapato za ku tchalitchi. Chinafika pa chitseko chakumbuyo n'kuima.

"Iwe, ni masewera abwanji aya? Tachedwa!"

"Dadi," anatero mawu ochokera m'katoni, "lero ndine TV. Nimangeni."