Injiniya wa nyundo akumana ndi mkono wa katapila

Dziko lino lili ndi mainjiniya ambiri kuposa makina, ndipo ine ndili m'gulu la akuluakulu awo. Satifiketi ndilibe, koma nyundo, waya ndi pakamwa ndili nazo. Chiphunzitso changa n'chimodzi: chinthu chikakhota, chimenyeni mbali inayo.

Alamu anga ali ndi kakatapila ka Bobcat, kaja kamazungulira pamalo amodzi, kamene amabwereketsa kwa omanga nyumba. Mnyamata wokayendetsa anafuna kuzula chitsa cha mbawa ndi ngodya imodzi ya chifosholo. Chitsa chinapambana. Mphamvu yonse inathera pa mkono umodzi, mpaka chifosholo chinayamba kutera pansi mopendekeka ngati chipewa cha munthu wochokera kokachasu.

Ndinafika nyundo ili paphewa. Tsoka ilo, alamu anali ataitana kale mdala wina wowotcherera zitsulo.

"Madala, tiyambire pati kumenya?" ndinafunsa.

"Achimwene, yambani mwakhala pansi."

Mdalayo anaimika makinawo pasimenti yosalala n'kuyamba kuyeza mpweya wa matayala. Ine n'kuseka: wadwala mkono, dokotala akupima phazi! Iye anati tayala limodzi likachepa mpweya, chifosholo chimaoneka chopendekeka ngakhale mikono ili bwinobwino. Kenako anagwedeza mapini ndi mabushi, poti nawo akadyeka amanamizira mkono. Atatero anakoka tepi mopingasa, kuchoka papini yakumbuyo kumanzere kukafika yakutsogolo kumanja, n'kubwereza mbali inayo. Manambala anasiyana. Mkono unalidi wokhota, monga ndinanenera ine kwaulere.

Ndinadzukanso ndi nyundo. Anandikhazikanso pansi. Akuti mkonowo ndi zitsulo zowotcherera pamodzi, m'kati muli mphako. Ukaumenya umangobonyoka, kukhota kuli pomwepo.

Anachotsa mapaipi a mafuta kuti asapse, n'kumasula batire. Mbali yabwino anaimanga ndi tcheni, yokhotayo anaiikira jeke. Ndiye anayatsa gasi n'kutenthetsa kachigawo kakang'ono kunja kwa pokhotapo, chifukwa chitsulo chikamazizira chimafupika n'kudzikoka chokha. Anachenjeza kuti moto usapitirire madigiri 650, pamene chitsulo chimangoyamba kufiira. Ukapyola apo, mkono uwongoka koma mphamvu zathawa.

Poona kufiirako, mtima wanga wachifundo unandituma ndowa ya madzi. Mdala anakuwa mpaka agalu a kwa aneba anayankha. Madzi amaumitsa chitsulo chotentha, mawa lake chimathetheka chitanyamula mchenga, mwina pansi pali munthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha: tenthetsa, dikira, yeza, bwereza.

Pamene panali mng'alu anaboola kabowo kumapeto kwake kuti usapitirire, anapala ndi galainda, n'kuwotcherera ndi ndodo za 7018. Pamwamba anamatapo chigamba chosongoka mbali zonse ziwiri, kuti kulemera kusaunjikane pamzere umodzi.

Ine sindinakhale chabe. Anandipatsa udindo wogwira kumapeto kwa tepi, ndipo ndinaugwira mwaluso moti chifosholo chinatera pansi chonse nthawi imodzi. Madzulo ndinauza mayi a kunyumba kuti takonza katapila. Anandifunsa kuti "ta-" ameneyu ndi ndani, poti chitseko cha bafa chimene ndinawongola chaka chatha timachitseka ndi mwala.

Alamu anandithokoza kwambiri. Akuti makina akadzawonongekanso adzandiimbira foni ndithu, akadzatha kukonza.