Ine waganyu wa pa gemu

Loweruka lapitali ndinakapeza chipepala chatsopano pachitseko cha kanyumba ka gemu kwathu kuno ku Ndirande. Chinalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, zopendekera ngati mpanda wa udzu: “Gemu imodzi K500. Ngongole mawa.” Sabata yathayo inali K300. Ndinawerenga kawiri, ndinapukuta m’maso, koma 5 uja anakana kusanduka 3.

Mwini wake sanadzutse n’komwe mutu. “Mafuta a jenereta, bwana.” Yankho limeneli masiku ano likutsegula khomo lililonse. Tomato akakwera, mafuta. Wometa akakweza, mafuta. Tsiku lina nkhuku idzaikira dzira laling’ono n’kutiuza kuti ndi mafuta a jenereta.

Ndinali ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, wa Fomu 3, amene ndimakhala naye. Pachikhalidwe chathu malume ndiye mwini mbumba, ndipo pa Chichewa cha masiku ano mwini mbumba ndi munthu amene amapisa m’thumba. Ndiye ndinadandaula mokweza, monga wolipira aliyense. Ndinati K500 yonseyi pa mpira wa mphindi khumi wosatulutsa ndi thukuta lomwe? Ine bwanji ndimasewera ulere pafoni panga?

Mphwanga anandikoka malaya. “Amalume, nkhani za gemu musamaziyankhule pagulu. Inuyo ndi casual.”

Anyamata onse m’kanyumbamo anafa nacho chiseko.

Mawu amenewo ndimawadziwa kuposa iye. Ndili mnyamata ndinaimapo pageti la kampani ina ku Makata, ndipo pakhoma panali mapepala awiri: lina la apemanenti, lina la ma casual. Casual ndi waganyu. Ndi munthu amene amalawira m’mamawa n’kuima padzuwa kudikira kuti kapitawo amuloze ndi chala. Alibe ovololo, alibe jombo, alibe penshoni, ndipo tiyi wa 10 koloko amangomumva fungo. Ndiye lero, imvi zili mbuu, mwana amene ndimamugulira yunifolomu wandibwezera pageti.

“Nanga iweyo ndiwe ndani?” ndinamufunsa.

“Ife ndi ma hardcore.”

Ndinamva. Apemanenti.

Tsono ndiloleni ndiyale mapepala anga a ntchito, poti waganyu naye amakhala ndi mbiri. Ine ndinayamba ndi njoka. Kampani ya Nokia inaika kanjoka kaja m’foni zake mu 1997, koma ine ndinakumana nako pa 3310, foni ya mu 2000 imene ukaigwetsa umadera nkhawa simenti. Inali ya alamu anga, ndinkabwereka iwo akamasamba. Njoka yanga inkadya, n’kudya, n’kutalika mpaka kudzaza kagalasi konse, yosadziluma mchira. Nthawi imeneyo mayi ake a mphwangayu anali akusewera fulaye. Lero ndili pa Candy Crush, ndapyola levulo 4,000, ndipo palibe levulo ndi imodzi yomwe imene ndinagula ndi ndalama. Zonse ndi thukuta la chala chachikulu ichi.

Vuto langa, malinga ndi mphwanga, ndi malo antchito. Iye ali ndi ofesi: benchi, sikirini, padi. Ine ndimagwira paliponse pamene ntchito yapezeka, ngati waganyu weniweni. M’minibasi podikira kuti idzaze. Pamzere wa kubanki. Pamzere wa mafuta, pamene ndinamalizapo malevulo 30 tsiku limodzi ndikuperekeza galimoto ya mnzanga, mafutawo osabwera. Gemuyi imakupatsa miyoyo isanu, ikatha umadikira theka la ola kuti moyo umodzi ubwerere, ndipo kudikira ndi luso limene Mmalawi safunika kuphunzitsidwa.

Ndivomere kuti pali malo ena amene sindinayenere kukagwirako ganyu. Kusiwa kwina, cha m’ma 2 koloko usiku, azimayi atapumira kaye nyimbo, mkulu wina anaimirira kuti alongosole mmene malemu anadwalira. Ine ndinali pakona pa moto, foni nditaibisa mu jekete, ndikuganiza kuti ndatsitsa mawu. Ndinalumikiza timaswiti tisanu pa mzere umodzi. Mkulu uja atangoti “ndiye anatisiya cha kum’bandakucha,” m’jekete mwanga munatuluka liwu la chibambo cha ku Ulaya, lonenepa bwino: “Delicious!” Ndinatsokomola kuti ndiphimbe, koma chifuwa changa sichidziwa Chingerezi. Mpaka lero amfumu akandiona amayamba ayang’ana thumba langa asanandipatse moni.

Koma tiyeni tiwaone apemanentiwo ali pantchito. Mphwanga akagwira padi nkhope imasintha, amakhala ngati dokotala ali pa opaleshoni. Zala zili ndi zikang’a. Amadziwa osewera onse a ku Spain mpaka osungidwa pabenchi, koma mufunseni mitsinje itatu ya m’chigawo cha kumpoto, muona akuyang’ana kudenga. Gemuyo amaitchabe FIFA ngakhale eni ake anasiyana ndi bungwe la FIFA mu 2023 n’kuitcha EA Sports FC. Akapambana ndi luso. Akagonja, “padi iyi yafa.” Sindinaonepo padi yofa m’manja mwa wopambana. Imafa kokha ikamva kuti mwini wake wamwa zigoli zitatu, ndipo imauka yokha wina akaigwira.

Ndipo pakati pa apemanentiwo palinso magiredi, ngati m’boma. Wa kompyuta amanyoza wa PlayStation. Wa PlayStation amanyoza wa PUBG ya pafoni. Wa PUBG amanyoza ine wa timaswiti. Ine, ndisaname, ndimanyoza mayi a kunyumba, amene amasewera Ludo pafoni pawo ndiwo zikupserera. Tsiku lina ndinawauza kuti Ludo si gemu, ndi mwayi chabe. Anandiyang’ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n’kunena kuti, “Abambo, inunso mwapeza wokuchepetsani?” Usiku umenewo ndiwo zinali zopanda mchere, ndipo sindinafunse.

Ndinayesa kumufunsa mphwanga za malipiro, poti wapemanenti amadziwika ndi kapepala ka pakutha pa mwezi. Anandiuza za mnyamata wa ku America, Kyle Giersdorf, amene mu 2019, ali ndi zaka 16, anapambana mpikisano wa Fortnite ku New York n’kulandira madola 3 miliyoni. Nkhaniyo ndi yoona, ndinaitsimikiza. Ndinati zikomo, tamuyamikira mwana wa eni akeyo. Nanga iwe? Zaka zitatu uli pemanenti, ndalama imene yayendapo ndi yochoka m’thumba mwanga kupita kwa mwini jenereta. Ku Makata kuja tinali ozunzika, koma sindinaonepo wantchito akulipira pageti kuti alowe akagwire ntchito.

Ndiye pali nkhani ya amene amadyetsa kampani. Timaswiti tanga tija tinatuluka mu 2012, topangidwa ndi kampani yotchedwa King. Mu 2016 kampani ya Activision Blizzard, eni ake a Call of Duty, gemu ya mfuti imene apemanenti amailumbirira, inatulutsa madola 5.9 biliyoni kugula King. Mu 2023 Microsoft inameza onsewo pamodzi ndi madola pafupifupi 69 biliyoni. Mabwana amenewo sagula chinthu chifukwa chachifundo. Anawerengera n’kupeza kuti pafupifupi theka la ndalama za magemu padziko lonse limachokera pafoni, kwa azimayi a m’sitima, madalaivala odikira katundu ndi amalume a pakona pa moto. Zili ngati ku esiteti: masamba a tiyi amathyola ndi aganyu, koma pakalendala amaikapo chithunzi cha manijala. Inde, ine sindinaperekepo tambala, koma ndaonera malonda ambiri m’magemu ena aulere moti pena ndimalota ndikutsatsidwa ngongole.

Nditaona kukula kwa nkhanza, ndinaganiza zoyambitsa bungwe la aganyu a gemu m’dera lathu. Wapampando ine. Msungichuma mayi a kunyumba, pofuna kubwezeretsa mchere. Mamembala: mlonda wa pasitolo, mayi wogulitsa mandasi, ndi mkulu wina wa mpingo amene anapempha kuti dzina lake lisalembedwe m’kaundula. Madandaulo athu anali omveka. Miyoyo ikwere kuchoka pa isanu kufika isanu ndi iwiri, molingana ndi kukwera kwa zinthu. Wofika levulo 4,000 alandire kalata yomuyamikira, ya chidindo. Wa njoka aliyense awerengedwe zaka zake zonse za utumiki kuyambira pa 3310. Ndinafunanso kuti tikapereke chikalatachi ku ofesi ya zantchito, tikuguba, koma msonkhano unathera panjira. Nditadzutsa mutu kuti tivote ndinapeza mamembala onse atawerama, zala zikuyenda. Miyoyo inali itabwerera.

Chimene chinamusowetsa chonena mphwanga ndi Tetris. Iyi ndi gemu ya mu 1984, ya munthu wa ku Moscow dzina lake Alexey Pajitnov, ndipo ntchito yake ndi kuyala njerwa zikugwa kuchokera kumwamba. Ganyu weniweni, wa pachimango. Mu Disembala 2023 kamnyamata ka zaka 13 ka ku Oklahoma, Willis Gibson, kanayala njerwazo mpaka makinawo anasokonezeka n’kuima okha, chinthu chimene munthu anali asanachitepo pa gemu ya Nintendo yakaleyo. Ndinamufunsa mphwanga kuti kamwana kameneka tikalembe pepala liti pageti. Anati, “Zimenezo ndi zina, amalume.” Kwa apemanenti chilichonse chowatsutsa chimakhala zina.

Tibwerere m’kanyumba kaja, poti ndimo muli chimene chandilembetsa. Sabata zam’mbuyomu mabenchi ankadzaza, anyamata akulimbirana padi. Loweruka limeneli okhala pansi anali anayi okha. Ena onse anali chiimire kumbuyo ndi pawindo, manja m’thumba, akuonerera. Ndi omwewo amene dzana anali ma hardcore. Luso lawo silinathe, chikondi chawo pa gemu sichinazirale. Chinawatsitsa giredi ndi K200 ya pachipepala.

Ndiye mundiuze za kudzipereka. PlayStation 5 inatuluka mu 2020 pa madola 499, ndipo mu Ogasiti 2025 ku America komweko inakwera kufika 549. Pamtengo wa kubanki imeneyo inali pafupifupi miliyoni ya kwacha, isanakwere ndege, isanadulidwe msonkho, ndipo dola ya mtengo wa kubankiyo tonse timangoimva mbiri. Kwacha yake ndi yomwe ija inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Nyumba zambiri m’dziko muno sizinalumikizidwe n’komwe magetsi. Kunja mwina kusiyana kwa casual ndi hardcore ndi kwa maola ndi mtima. Kuno mzerewo umajambulidwa ndi thumba la bambo ako, ndipo mwana wokhala ndi makina m’chipinda chake akamanyoza mnzake wa kafoni kong’aluka galasi, sakunyadira luso ayi, akunyadira ndalama zimene sanazigwirire ntchito. Pabawo pansi pa mtengo palinso akatswiri owerengera patali ndi ena ongotaya nthawi, ndipo amanyozana kwambiri, koma maenje ake ukhoza kukumba pansi ndi chala, ndipo palibe amene amabwezedwa chifukwa chosowa K500.

Pawindopo panali kamnyamata kena kovala malaya a sukulu ya pulayimale, tsiku lili Loweruka. Zala zake zinkayenda m’malere, kudina mabatani osaoneka, kutsatira mpira wa pasikirini. Ndinakaitana. Ndinatulutsa K500 ina, imene inali ya anyezi, n’kuuza mwini kanyumba kuti kasewere ndi mphwanga.

Sikanasankhe Real Madrid, sikanasankhe Manchester City. Kanatenga timu ina imene ine sindinaimvepo, kanakhala m’mphepete mwa benchi mapazi osafika pansi, lilime lili panja. Pofika theka zinali 2 kwa duu. Pomaliza 4 kwa duu. Kanabweza padi ndi manja awiri, kanati “zikomo, bambo,” n’kubwerera pawindo pake.

Mphwanga anatembenuza padi yake, kuiyang’ana kumbuyo, kuigwedeza pafupi ndi khutu. Ndinamuthandiza. “Yafa eti?”

Tinayenda mpaka kunyumba osayankhulana. Anyezi sanagulidwe, ndipo mlanduwo unazengedwa madzulo omwewo, msungichuma ali pampando.

Tsono kwa inu mwini jenereta: mafuta akwera, tamva, koma mabenchi opanda anthu sagula ndi lita imodzi yomwe. Ganizani za K350, tikambirane ngati anthu. Ndipo iwe mphwanga, ndikudziwa uwerenga izi poti nyuzipepalayi ndi imene umakutira makope. Loweruka likubwerali ubwere ndi K500 yako, ya pa malipiro ako a upemanenti. Yanga ndapereka kale kwa wa pawindo. Ukandifuna ndili pabenchi panja, ndili ndi miyoyo isanu yathunthu, ndipo mawu ndatsitsa.