Kachilombo ka Mufoni

Ku Thyolo kuno mawu akuti "sindikudziwa" timawaopa kuposa ngongole ya katapila. Ndiye mkulu wina wothyola tiyi anaputa dala nkhani m'minibasi yopita ku Limbe pamene anatulutsa ka Itel kake kong'aluka galasi.

"Akuluakulu, kameneka n'kachiyani? Kandiluma pamwendo kumtsinje m'mawa uno."

Pachithunzipo pankaoneka chala cha mwini foni, udzu pang'ono, ndi kadontho kakuda pakona.

"Udzudzu," anatero kondakitala, maso ali pa ndalama.

Bambo wina wa tayi, amene anayamba watidziwitsa kuti anali kalaliki ku esiteti kwa zaka zambiri, anavala magalasi, n'kuyandikitsa foniyo kumaso kuti aone bwino kadontho kaja.

"Helopeltis!" analengeza mokweza kuti akumpando wakumbuyo amve. "Kamayamwa nsonga za tiyi, masamba n'kuchita mawanga akuda."

"Koma bwana, kanaluma ine, osati tiyi."

"Kanasokonezeka."

Mayi wina anakana ngakhale kuigwira foniyo. "Fufutani msanga, achimwene. Zina n'zotumidwa izi." Abusa amene anakhala pakhomo anavomereza, nati pemphero lilipo, ndipo nambala yawo ya Airtel Money ndi yosavuta kuloweza.

Kumbuyo kunali mtsikana, mlangizi wa zaumoyo. Anapepesa kaye, monga amachitira ana oleredwa bwino, kenako anati mwina ndi kantchentche kakuda kalinunda kamene kamaswana m'madzi othamanga a m'mitsinje yotsika m'mapiri athuwa. Kamaluma masana, ndipo kamasiya m'thupi tinyongolotsi toyambitsa kuyabwa koopsa, ena mpaka maso kuwonongeka. N'chifukwa chake anthu amayezedwa msinkhu ndi ndodo n'kupatsidwa mapiritsi a Mectizan. Mtundu wina asayansi anautcha Simulium thyolense, kutengera dzina la boma lathu lomweli. Maboma ena amatchuka ndi nyanja, ife anatipatsa ntchentche.

"Komabe pachithunzi sitingatsimikize," anawonjezera. "Mitundu yake imafanana kwambiri, moti akatswiri amatola mphutsi zake mumtsinje n'kukaziunika ndi makina."

Apa ndi pamene anadzigwetsera. Munthu wophunzira anganene kuti "mwina"? Opanda tayi, opanda imvi, kenako "sitingatsimikize"! Minibasi yonse inabwerera kwa akalaliki, amene tsopano anali atafika pofotokoza mmene azungu ankawadalira.

Pa Bvumbwe, pamene pali malo ofufuzira za ulimi okhala ndi anthu amene ntchito yawo ndi tizilombo, palibe anaganiza zotsika kukafunsa. Anthu anali pawindo kunenerera tomato. Mpamene kamnyamata kena kanatenga foni ija n'kutsegula chithunzi china, cha ukwati. Kadontho kanali pomwepo, pa chipumi cha mkwatibwi. Kanapukuta galasi ndi malaya, kachilombo n'kuchoka.

Akalaliki anavula magalasi mosafulumira.

"Ndinaona kalekale," anatero. "Ndimafuna ndikuyeseni."