Botolo la ku Stellenbosch lafika pa Chambe

Mlamu wanga anatsika minibasi pa Chitakale ali ndi zikwama zitatu, koma pokwera kabaza wopita kwathu ku Chambe, chimene anachifungatira ngati khanda chinali botolo limodzi la vinyo. Kwa zaka zinayi wakhala akudulira mphesa m'minda ya ku Stellenbosch, kufupi ndi Cape Town. Kuno aliyense wopita ku South Africa timangoti ali ku Joni, ndiye tsiku loyamba linathera kutikonza pakamwa.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi anatiitanira pakhonde. Tinalipo anthu 14, botolo la mamililita 750. Amalume anayang'ana botolo, anawerenga mitu, n'kuusa moyo.

"Uyu ndi Pinotage," anatero mlamu. "Mu 1925 pulofesa wina, Abraham Perold, anakwatitsa mitundu iwiri ya mphesa yochokera ku France: Pinot noir ndi Cinsaut, imene kumeneko ankaitcha Hermitage. Mwana wake anatenga dzina uku ndi uku."

"Nanga mkamwini ndi uti pamenepo?" anafunsa anganga. "Kuno mwana ndi wa kuchikazi."

Mlamu anachita ngati sanamve. Anati mphesayo imakonda dothi la m'tsinde mwa mapiri a miyala. Amalume analoza thanthwe la Chambe, lija azungu amakwera ndi zingwe: "Mwala suuwona uwo? Tidzale mawa." Mlamu anati ayi, kumeneko mvula imagwa nyengo yozizira, mphesa n'kupsa padzuwa kukuwomba kamphepo ka kunyanja. Kuno imagwa kukutentha, mphesa ikhoza kuolera mumtengo. Yathu ndi mvula ya tiyi ndi nanazi.

Matambula amwendo umodzi anagula awiri, ina inaswekera pa boda ya Mwanza. Yotsalayo anagwira mwini wake, enafe makapu apulasitiki a pa maliro aja. Kenako malamulo: osagugudiza. Zunguzani, nunkhizani, mumuyendetse m'kamwa. Akatswiri enieni, akuti, amalavula.

"Kulavula?" Amalume anaphimba kapu ndi dzanja. "Chinthu chodutsa maboda atatu?"

Pa kununkhiza m'pamene anthu a pa Chambe tinaonetsa kuti nafenso tinayenda. Mlamu atati odziwa amamvamo utsi, khofi ndi zipatso zakupsa, aphunzitsi anatsinzina n'kunena kuti zonsezo azimva, kuphatikizapo kafungo ka mkungudza chakumapeto. Mayi wa pagolosale anamva khofi, ngakhale sindinamuonepo akumwa khofi chibadwire. Inenso, ndisaname, ndinagwedeza mutu. Mnyamata wa kabaza, yemwe ankangodikira ndalama yake, ananunkhiza kamodzi.

"Bwana, ili ndi tayala lopsa."

Tinamukalipira tonse kuti alibe mwambo. Mlamu anakanda kumutu, n'kuvomera kuti akatswiri akunja akhala akudandaula za fungo lomwelo mwa Pinotage wina kwa zaka zambiri. Pomwepo aphunzitsi ananunkhizanso, ndipo tayalalo analimva bwinobwino.

Tsono nkhani ya chakudya. Vinyo wofiira amamanga m'kamwa chifukwa cha makoko a mphesa, choncho amafuna nyama yamafuta yoti ifewetse lilime. Mlamu analamula mbuzi yootcha. Koma apongozi ake anali ataphika kalongonda, amene anayamba kumuwiritsa dzulo lake, kutaya madzi, kuwiritsanso, pakuti ukamuthamangira amakuzunguza mutu kuposa kachasu. Luso la tsiku lathunthu limenelo mlamu anangoliyang'ana cham'mbali, ati kalongonda m'mabuku a vinyo mulibe.

Anganga, amene anathyola tiyi ku esiteti mpaka msana kupindika, analawa kadontho kawo.

"Mwanawe, uyu ndi tiyi wogonera m'ketulo. Patseni shuga."

Anathira masupuni awiri, kutakasa, kutsira pakamwa, n'kutapa kalongonda ndi makaka. Anati tsopano zikugwirizana. Mkulu wa mpingo anamwa kake ali chiweramire, ndipo mwachizolowezi anakhala chete kudikira nyimbo.

Mbuzi isanapse n'komwe, botolo linali litauma. Nyamayo tinatsitsira thobwa, mlamu yemwe anawonjezera kawiri.

Botololo lilipobe. Mayi wa pagolosale analipempha, amayezera mafuta ophikira. Makasitomala ena amaumirira kuti awathirire a m'botolo la ku Joni, ndipo aphunzitsi akuti chipisi chake chimamveka kautsi.